Kumene Anabisala Deliwe

Tsiku loyamba Vailet anangoti mwina waiwala yekha. Analowa m'chipinda cha mayi ake m'mawa ndi phala, n'kupeza kabati ya zovala ili yotsegula zitseko zonse ziwiri. Mayi Esnat anali gone, atayang'ana kukhoma. Anabwera ku Nairobi kudzalandira chithandizo cha khansa, koma madokotala anali atanena kale chilungamo: kwatsala masabata, osati miyezi. Munthu wolephera kufika kubafa popanda womugwira dzanja, angatsegule bwanji kabati?

Vailet anada nkhawa chifukwa m'kabatimo munali chinthu chimene anabisa.

Vailet ndi munthu wa mapepala. Akaweruka ku bungwe limene amagwirako ntchito, ankakhala pa kompyuta m'nyumba yake ku Parklands, mu Nairobi momwemo, kufufuza za agogo ake aamuna, Bwana Kerr, mzungu wa ku Scotland amene ankayang'anira esiteti ya tiyi ku Thyolo. Tisanamizane, ankanyadira pang'ono magazi achizunguwo. Koma zimene anatumiziridwa kuchokera ku Scotland zinamusokoneza. Inali kalata ya imfa ya Delia Muir, mwana wa Kerr yemweyo, amene anamwalira m'tauni ya Paisley ku Scotland komweko mu 2019. Tsiku lake lobadwa linali lomwelo la mayi Esnat.

Mayi Esnat anabadwa mapasa. Mnzawoyo, Deliwe, banja lonse limati anamwalira ndi malungo ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Vailet yemweyu, ali mtsikana, analambulapo pamanda pake. Nanga pansi pa mulu uja panagona ndani? Kufunsa munthu wodwala chonchi anaona kuti ndi nkhanza, choncho anapinda kalatayo n'kuilowetsa pansi pa zitenje, pashelefu ya pamwamba.

M'mawa wotsatira kabati inali yotsegulanso, nsapato zitatulutsidwa n'kundandalikidwa bwinobwino pansi. Kalata inali pamalo pake. Vailet anauza Veronica, mnzake wa kutchalitchi, ndipo pofika Lamlungu amayi a Chimalawi onse anali atamva. Ena ankati m'nyumbamo munafera munthu kalekale, ena ankati ndi mankhwala amphamvu akuzunguza mutu wa wodwala.

"Iwe, samuka basi," anatero Veronica monong'ona. "Ma flat a kunowa sudziwa anakhalamo ndani."

Vailet sanasamuke. Anangosiya chitseko cha chipinda chake chotsegula.

Lachinayi m'bandakucha, pampu ya madzi ya pansi itangosiya kulira, anamva kukhwekhwereza. Kunali mdima wa ndiweyani, magetsi a pamsewu atazima, ndipo chapatali kumzikiti kunali kuitana. Chinthu chinkakwawa pang'onopang'ono pa matailosi, chikupuma movutika, kenaka chitseko cha kabati chinalira. Anathamangira kuchipinda cha mayi ake n'kuyatsa nyali. Mayi ake anali chogwada, mutu uli m'kati mwa madiresi.

"Amayi, mukufuna chiyani?"

"Usasokose," ananong'ona. "Deliwe wabisala umu. Amagogoda."

Vailet anawanyamula, ndipo kupepuka kwawo kunamuliza. Atawagoneka, mayiwo anamugwira dzanja n'kuyankhula ndi maso angwiro, osati a munthu wobwebweta.

"M'manda muja muli thunthu la nthochi, mwanawe. Mtembo ukasowa, kwathu amaika nthochi kuti maliro athe. Bambo athu pobwerera kwawo anafuna mwana mmodzi, woyererapo. Amayi anabisa Deliwe m'kabati ya kwa aphunzitsi, n'kundiuza kuti tikusewera chibisalirano. Bambo anabwera ndi galimoto, anandinyamula, anandifunsa akuseka kuti mnzako wabisala kuti. Ine ndinaloza. Ndinkafuna kupambana."

Kenaka anapitiriza.

"Amayi sanandimenye. Bola akanandimenya. Analamula kuti dzina lake lisatchulidwenso ngati la wamoyo, ndipo mpaka kufa kwawo sanandiyang'anenso m'maso bwinobwino. Ndikudziwa kuti ukufufuza, Vailet. Wamupeza? Ndikufuna ndimupepese ndisanapite."

Apa m'pamene Vailet anafuna kunama. Kunali kosavuta kunena kuti akufufuzabe, mayi n'kupita ndi chiyembekezo chawo. Koma bodza la nthochi linali litadya kale zaka pafupifupi makumi asanu ndi awiri. Anakwera pampando, anatsitsa kalata ija, n'kuwawerengera zonse: tauni, chaka, matenda a mtima.

Mayi Esnat sanalire mokweza. Misozi inkangotsikira m'makutu.

"Ndachedwa," anatero. "Anafa akundida."

Vailet anayang'ananso pepala lija kuti abise nkhope yake, ndipo maso ake anagwera pa mzere wa m'munsi umene tsiku lija, chifukwa cha mantha, sanauwerenge. Panalembedwa munthu amene anakanena za imfayo kuboma. Anawerenga kawiri asanatsegule pakamwa.

"Amayi, anali ndi mwana wamkazi. Ndiye anasaina apa."

"Dzina lake?"

"Esnat. Esnat Muir."

Panja maminibasi oyamba anali atayamba kuimba mahutala, koma mayiwo ankangosisita pepalalo ndi chala, pamalo pamene panali dzina lawo.

"Ku Scotland kuli a Esnat?" anafunsa.

"Sindikukhulupirira, amayi. Dzinali Deliwe anachoka nalo ku Thyolo."

Tsiku limenelo mayi Esnat anamwa phala lonse. Madzulo Vailet anakhoma kabati ndi kiyi kuti asakwawenso pa matailosi ozizira, kiyiyo n'kuika m'thumba la chikwama chake cha kuntchito. Vailet anagona tulo tofa nato, koyamba m'masabata atatu. Chakum'mawa anamva ngati kumaloto kugogoda kuwiri kofewa, kenaka mawu a mayi ake, opepuka ngati a kamtsikana: "Ndakupeza."

Vailet atalowa m'chipindamo, mayi Esnat anali atazizira kale. Anali pabedi pomwe anawasiya, bulangete lili bwinobwino, koma nkhope sinayang'ane kukhoma. Inayang'ana kukabati, imene zitseko zake zonse ziwiri zinali zotsegula. Vailet anakhala pansi n'kulira mpaka kuwala kwa dzuwa kunalowa pawindo, ndipo atapita kukatenga foni kuti aimbire a kumudzi, anaipeza kiyi ili m'chikwama momwe anaiika.