Mlendo Amene Anakana Fomu ya Tiwo

Lachinayi lina madzulo, m'chaka cha 2007, Tiwo Nkhoma anatsala yekha mu kafe ya intaneti ya Ba Mukuka ku Kalingalinga. Makasitomala anali atatha, ngakhale aja okhalira kulembera makalata achikondi azungu omwe sanawaonepo. Ba Mukuka anamuponyera makiyi, namuuza kuti akhome chitseko ndi zitsulo zonse ziwiri, iwo nkumapita. Kunja owotcherera mageti anali akuzimitsa makina awo, ndipo fungo la utuchi linkalowa pawindo monga mwa masiku onse.

Tiwo ankakhala ku Mtendere. Masana ankataipira anthu makalata ofunsira ntchito, koma mtima wake unali kwina. Anadziphunzitsa yekha kupanga mawebusaiti, ndipo ankadziwa mbali zonse ziwiri: kutsogolo, komwe munthu amaona zithunzi ndi mabatani, ndi kuseri, komwe seva imalandira zimene munthuyo walemba nkuzisunga mu databesi. Pa zimenezi mtsikanayu anali katswiri, tisamunamizire. Chomwe chinkamuvuta ndi anthu. Ankawaona ngati chinthu chongochedwetsa ntchito.

Mwayi wake unachokera ku bungwe la akalipentala a m'deralo. Ana a kuno okhala ku Joni ndi ku Mangalande ankavutika kugulira makolo awo mabedi, zitseko, ngakhale mabokosi a maliro, ndiye akalipentalawo anafuna webusaiti yoitanitsirapo katundu. Wapampando wawo, Ba Obed, anamuitana katatu kuti adzaone momwe amagwirira ntchito ku shedi. Katatu konse Tiwo anati watanganidwa. Thabwa lingamuphunzitse chiyani munthu wolankhula ndi kompyuta?

Mawa lake m'mawa ndi pomwe bungwelo linkabwera kudzaona ntchitoyo. Likaikana, ipita ku kampani ina ya m'tauni. Ndipo kunyumba kunali pangano ndi mayi ake: izi zikakanika, za makompyuta zithere pomwepo, Lolemba akayambe kugulitsa salaula, zovala zakale zochokera kunja, pa benchi ya azakhali ake ku msika wa Soweto. Tiwo ankaiopa benchi imeneyo kuposa njoka.

Cha m'ma 11 koloko zonse zinali zitatheka. Anayesa kasanu fomu yoitanitsira katundu, kasanu konse inayenda. Anadziombera yekha m'manja, nkutsegula botolo la maheu.

Agalu onse a mumsewu anasiya kuuwa nthawi imodzi.

Go! Go! Go!

Sikunali kugogoda kwa pachitseko chachitsulo. Kunali kwa munthu amene akugogoda thabwa ndi chala kuti amve ngati ndi louma. Ndipo kunamveka m'kati momwemo, pa tebulo la kumbuyo kwake.

Tiwo sanatembenuke msanga. Zitsulo zonse ziwiri anakhoma yekha, ankakumbukira bwinobwino.

"Iyi ni paini yosauma," anatero mawu a munthu wamkulu. "Wamene anagulitsa Mukuka iyi tebulo ni kawalala."

Anatembenuka. Panali bambo wachikulire, wamtali zedi, atavala suti yakuda yooneka kuti sinkatuluka kawirikawiri m'sutikesi. Pakhutu anapanika pensulo. Anaima mawondo atapinda pang'ono, ngati munthu wofuna kukhala pampando womwe palibe. Kumapazi kunali masokosi oyera okha, opanda nsapato. Masokosiwo analibe fumbi ngakhale pang'ono. Amene akulidziwa fumbi la Kalingalinga mu Okutobala amvetsa chifukwa chake Tiwo anameza mate.

"Mwalowa bwanji, agogo? Tatseka kudala."

"Ndine wa ku makalipentala. Ati ndiwe wamene upanga chija chinthu chathu. Nifuna kuchiona manje. Mawa siningakwanise kubwera."

Mantha analipo, chilungamo chake. Koma munthu amene wapanga chinthu chabwino yekhayekha usiku, popanda womuyamikira, akhoza kuonetsa ngakhale mfiti. Tiwo anawakokera mpando.

Mkuluyo anakhala, mpando osalira. Mausi ya kompyuta anakana kuigwira. Anati iwo aziloza ndi pensulo, iye azidina. Zithunzi zinawasangalatsa.

"Awe, iyi bedi ni ya Obed. Naiziba na miyendo yake yoonda monga mwine wake."

Anaseka, ndipo Tiwo anamva kamphepo kozizira pamkono ngati wina watsegula firiji. Anasuntha mpando wake pang'ono, nkutsegula fomu ija.

"Apa mulemba imelo ya munthu wolandira katundu."

"Alibe."

Fomu inatulutsa zilembo zofiira.

"Apa nambala ya nyumba na dzina ya msewu."

"Lemba so: kuseri kwa tchalitchi, pa mtengo wa mango, ufunse Amake Dumi."

Zofiira zinatulukanso. Malowo ankalandira manambala okha.

"Mwana wanga," anatero mkuluyo mokoma mtima, "chinthu chako nichabwino maningi. Koma chikana anthu."

Tiwo anafuna kuwauza kuti mawebusaiti onse a kunja amatero. Koma anakumbukira kanthu. Kwawo ku Mtendere nako, munthu wofuna nyumba yawo ankauzidwa kuti adutse pampopi akhotere kumanzere. Manyazi anamugwira. Anakonza fomu kutsogolo, nalowa kuseri kukauza seva kuti ileke kukana mawu, nakulitsa malo mu databesi kuti mtengo wa mango ukwanemo. Mkuluyo ankangoyang'ana zilembo zikuthamanga pa sikirini.

"Ivi vamene ulemba kumbuyo, kasitomala aviona?"

"Iyayi."

"Ndiye uli monga ine. Ine ninali kupala na mkati mwa dilowa, mwamene munthu sayang'ana."

Palibe anamuyamikirapo chotero chiyambire. Tiwo anasangalala mpaka kuiwala za masokosi aja.

Kenaka pensulo inaloza pa mabokosi a maliro.

Tsamba limeneli Tiwo analipanga mothamanga, chifukwa silinkamusangalatsa. Anangotengera pa webusaiti ina yogulitsa malaya. Munthu ankasankha chimodzi mwa zitatu: laling'ono, lapakati, lalikulu.

Mkuluyo anawerenga. Sanaseke. Babu la kudenga linayamba kufiira ngati likufuna kuzima. Maheu a m'botolo anachita thovu okha. Kuzizira kunakwera kuchokera pansi, kudutsa m'miyendo, mpaka Tiwo anaona mpweya wake ukutuluka mkamwa. Kukamwa kwa mkuluyo sikunkatuluka kanthu.

"Munthu si malaya," anatero.

Tiwo anachotsa dzanja pa mausi.

"Munthu akafa, mkulu wa pabanja atenga chingwe. Ayeza kuchoka kumutu mpaka kumapazi, amanga mfundo. Chingwe chibwera ku shedi na munthu, pamanja. Kalipentala ayeza eka, aikirako chikhatho chimodzi cha pilo. Pamene apo ndiye agwira sowo. Nambala ya pa foni si chingwe." Anasisita mawondo ake onse awiri pang'onopang'ono. "Si chingwe, mwana wanga."

"Manje wa ku Joni azatuma bwanji chingwe pa intaneti?" Mawu a Tiwo anatuluka ngati a kamwana.

"Iyo ni nchito yako. Ine niziba chabe mapulanga."

Kuthawa kunali kosatheka, mlendoyo anali pakati pa iye ndi chitseko. Ndiye Tiwo anachita chinthu chomwe anachikana katatu konse: anatenga pepala nayamba kufunsa. Amayeza ndani? Nanga thupi likakhala kuchipatala? Chingwe chikachedwa, kalipentala amatani? Mkuluyo ankayankha, ndipo pa yankho lililonse babu linkawala pang'ono.

Anagwetsa tsamba lonselo nkuyambiranso. Wa ku Joni azisankha mtundu wa thabwa ndi nsalu, basi. Fomu izimufunsa dzina ndi foni ya mkulu amene akayeze. Kuseri, oda iliyonse ya bokosi iziima pa mawu akuti "likudikira chingwe," osasuntha, mpaka kalipentala mwini wake atadina kuti chingwe chafika nkulemba utali womwe wayeza ndi manja ake. Zinamutengera maola atatu. Penapake seva inakana, iye nkufufuza mzere ndi mzere mpaka kupeza kadontho komwe anaiwala.

"Tiye tichiname," anatero mkuluyo. "Kamba ati ndise othamanga, chingwe chizabwera pambuyo."

Tiwo anayesa kudumpha. Zofiira zinatuluka.

Mkuluyo anaseka mpaka kupukuta m'maso. "Eya! Manje chikana vamene vifunika kukana."

Tiwo anawerama kuti asunge ntchitoyo pa fulashi. "Nizauza Ba Obed kuti munabwera. Ndimwe ba ndani?"

Panalibe woyankha. Mpando unali utabwezedwa bwinobwino pansi pa tebulo. Zitsulo zonse ziwiri zinali chikhomere. Kunja agalu anayambiranso kuuwa. Tiwo anayatsa makompyuta onse asanu ndi atatu kuti amuunikire, nakhala pakona kuimba nyimbo za kwaya mpaka atambala analira.

M'mawa akalipentala anadzaza kafe ija. Anabwera ndi mayi wina wachikulire wa duku yakuda, namukhazika pampando wabwino. Tiwo anaonetsa mabedi ndi zitseko, maso ali psuu. Ena anagwedeza mitu mokondwa. Ena ananong'ona kuti kampani ya m'tauni ili ndi ofesi ya kapeti. Atatsegula tsamba la mabokosi, kunong'ona konse kunatha.

Ba Obed anawerenga kawiri mawu aja akuti "likudikira chingwe."

"Iwe sunabwerepo ku shedi. Va chingwe anakuuza ndani?"

Tiwo anafotokoza: bambo wamtali, suti yakuda, pensulo pakhutu, mawondo opinda, masokosi oyera. Kalipentala wina anavula chipewa. Wina anasuntha kuyandikira chitseko.

Ba Obed ndi amene analankhula, motsitsa mawu, akuyang'ana pansi. Mlendoyo anali Ba Isaiah, amene anayambitsa bungwelo. Anamwalira mu Febuluwale. Mwana wawo Dumi anaopa kulowa m'mochale, mosungira mitembo, anangoyerekeza utali nkutumiza nambala pa foni. Ba Obed, pothamangira nthawi, anadula matabwa chingwe asanachione. Bokosi linachepa. Mvula inali ikubwera, anthu atasonkhana kale, ndiye anawavula nsapato nkuwapinda mawondo. Munthu amene zaka makumi anayi sanapangepo bokosi loperewera. Akalipentala anapangana kuti nkhaniyi isatuluke.

"Awe, ichi chinthu chili na vibanda," anatero uja wa pachitseko. "Tipase chabe ba kampani. Ine siningaike mabedi yanga pamene payenda akufa."

Ambiri anavomereza. Mipando inayamba kukokedwa. Tiwo anaona benchi ya ku Soweto ikumuyandikira, milu ya mathalauza, azakhali ake akumuphunzitsa kukuwa mitengo. Misozi inalengeza.

"Khalani pansi."

Anali mayi wa duku yakuda uja. Ba Obed ananong'oneza Tiwo kuti awa ndi Amake Dumi, akazi a malemu.

"Iwe mwana, anali okalipa?"

"Poyamba, amai. Koma pothera anaseka maningi."

"Anatukwanako tebulo ya munthu?"

"Iyi apa. Ati ni paini yosauma."

Mayiwo anaseka misozi ikutsika. "Ni beve, amuna banga. Miyezi eyiti nilibe kugona bwino pa mulandu wa aja maondo." Anaimirira, namasula chingwe chomwe chinamanga katoni ya mapepala pakona. "Obed, niyeze. Nikali moyo, naimirira mowongoka. Iwe mwana, uike mu makina yako, isunge mpaka tsiku yanga."

"Amai, ayo ni malaulo!" anatero Ba Obed.

"Malaulo ni kugona zaka na zaka opinda monga nkhuku ya mu firiji. Yeza!"

Malo osungira miyezo ya anthu amoyo munalibe mu databesi. Tiwo anawapanga pomwepo, anthu akumuyang'ana. Ba Obed anayeza mayiwo katatu, namanga mfundo, nawonjezera chikhatho. Tiwo analemba.

Kalipentala wina wa imvi anatsokomola, naima kumbuyo kwa mayiwo. Wina anamutsatira. Uja wa vibanda anati iye akungofuna kuona ngati makinawo akugwira, naima nawo. Nkhani inafika kumsewu, ndipo pofika masana mzere wa okalamba unali utatuluka pakhomo mpaka pa owotcherera mageti. Ba Mukuka atafika anaganiza kuti kwabwera zaulere.

Womaliza anali Ba Obed. Anayang'ana anzake mmodzimmodzi, nkupereka chingwe kwa Tiwo.

"Nchito ni yako. Manje gwira apa, uniyeze iwe. Aba anzanga sinibakhulupirira."

Tiwo anakwera pampando, nagwira chingwe pamutu pa wapampando. Chipindacho chinali zii, aliyense akuyang'ana mfundo.