Kadontho Kofiira M'mutu mwa Sjoerd

Ndinalakwa ndine, osati Sjoerd. Ndiyambe ndi mawu amenewo, chifukwa ndawazemba kuyambira tili anyamata padoko.

Sjoerd, mng'ono wanga, ankayendetsa kireni, makina okweza ndi kutsitsa katundu. Ine ndinkaima pansi n'kumamupatsa zizindikiro ndi manja. Tsiku lina ndinamukodola kuti atsitse ndisanacheuke. Mtolo wa matabwa unagwera mnzathu Harm, n'kufera pomwepo. Mabwana atafunsa, ndinati ndinakweza chibakera kuti aime, iye sanaone. Sjoerd anandikhulupirira. Sanadzidalirenso moyo wake wonse. Chitseko ankakhoma n'kubwerera kukachigwedeza, n'kubwereranso.

Nditakalamba ndinapeza ulonda panyumba ina ya kafukufuku ku Groningen, kumene amajambula ubongo. Munthu amagona m'chimakina chonga mpope, n'kumadina batani malinga ndi kumene muvi womuonetsa waloza. Akaphonya, pakanema pamayaka kadontho kofiira pakati pa chithunzi cha mutu wake. Femke, mtsikana woyendetsa makinawo, anandiuza kuti pamenepo ndi pamene munthu amadziyang'anirira yekha, ndipo pamadziwa kuti walakwa mwiniwake asanazindikire. Ankandiseka kuti kanga sikangayake, poti ife alonda sitilakwa, timangogona.

Sjoerd nayenso anajambulidwapo, adokotala ake ndiwo anamutumiza. Atatuluka anandiuza akumwetulira mwamanyazi kuti kake kamayaka ngakhale akhoze. Chaka chotsatira anachita sitiroko. Anamutengera kunyumba ya okalamba kutali ndi tauni, osayenda, osalankhula.

Madzulo ena a mu Disembala ndinali pa ulonda, mvula ikuwaza pang'onopang'ono. Ogwira ntchito onse anali atakwera njinga zawo kupita kwawo. Ndinadya buledi wanga wa tchizi, ndinathira khofi.

Ndiye ndinamva kugogoda. Gu, gu, gu, kuchokera kuzipinda za pansi.

Ndinkakudziwa kugogoda kumeneko. Ndi mmene makinawo amalirira akamajambula munthu. Koma makiyi onse anali m'thumba mwanga.

Ndinatsika. M'chipinda cha Femke munali mdima, mpando wake wopanda munthu. Kanema yekha ndiye ankawala. Pakanemapo panali mutu wa munthu. Mivi inkabwera, mayankho ankalowa, onse okhoza. Koma kadontho kaja kanali kofiira, osazima.

Ndinasuzumira pagalasi loonera m'chipinda cha makinawo. Kukamwa kwa mpope kunatulukira mapazi awiri ovala masokosi otuwa. Dzanja linali pamimba, chala chachikulu chikudina, chikudina.

Ndinavula wotchi, ndinasiya makiyi pansi, poti chitsulo sichilowa mmenemo. Taonani, munthu wosunga malamulo ine.

Nditangotsegula chitseko, kugogoda kunasiya. Bedi linali lopanda kanthu. Ndinagwira potsamira mutu. Panali pofunda, ndiponso pobonyoka.

Kenako kasipika kamene Femke amalankhulirana ndi wogona mkatimo kanathetheka. Mawu anatuluka, otsika, aulemu, mawu amene ndinali ndisanawamve chichitireni sitiroko ija.

"Achimwene, ndatsitsa bwino?"

Ndinakhala pamasitepe mpaka kunja kunayera.

Femke atabwera, nditamufotokozera, anayamba ndi nthabwala, eti ndalota ndili pantchito. Atatsegula kompyuta anasiya kuseka. Panalibe chojambulidwa chilichonse, koma anati makinawo ndi otentha ngati agwira ntchito usiku wonse. Amayi okolopa ankanong'onezana kuti m'chimakinamo mumatsalira kanthu ka aliyense amene analowamo. Ine sindikudziwa.

Ndinakwera basi kupita kwa Sjoerd ndili ndi yunifolomu yomweyo. Namwino wa kunyumba ya okalamba anadabwa nditafunsa ngati Sjoerd anatuluka. Anati munthu wosatha kutembenuka yekha angapite kuti? Anagona usiku wonse. Kungoti chala chake sichinapume, chinkangodina bulangete.

Ndinamupeza atamukhazika pafupi ndi zenera. Wamng'ono kwa ine, koma ankaoneka ngati bambo anga. Anandiyang'ana ndi diso lake limodzi limene linatsala labwino, kudikira, ngati mmene ankadikirira manja anga ali pamwamba pa kireni.

Ndinagwada. Ndinamugwira chala chija, chidakali kudina.

"Iwe Sjoerd, unatsitsa bwino. Ndinakukodola ndine, chibakera sindinakweze. Harm ndinapha ndine, iwe n'kukusenzetsa mlandu. Pepa, mng'ono wanga. Pepa."