Kamphepo ndi Madontho Asanu ndi Atatu

Unali m'mawa wa Loweruka. Mvula inali itakata. Dzuwa linali kuwala, ndipo simenti inali itauma.

Mtsikana wina, dzina lake Kamphepo, anatuluka ndi siketibodi yake. Siketibodi ndi thabwa la magudumu anayi. Umakwerapo, n'kukankha pansi ndi mwendo. Ya Kamphepo inali yakale. Anamupatsa ndi msuweni wake. Koma iye ankaikonda kwambiri.

Kamphepo ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kulowa m'sitima.

Sitimayo sinali ya pa njanji ayi. Inali sitima ya ana. Ana ankakwera masiketibodi awo. Aliyense ankagwira malaya a mnzake. Kenako ankatsetsereka onse pamodzi kuseri kwa mashopu.

Mkulu wa sitima anali Wezulo. Wezulo anali mtsikana wamtali. Ankavala wezulo m'khosi tsiku lonse. Dzinalo linachokera pamenepo.

"Inenso ndilowe nawo," anatero Kamphepo.

"Lamulo ukulidziwa," anatero Wezulo. "Ima pa mzere. Kankha kamodzi. Fika pa mpopi. Ukafika, walowa."

"Nanga ndikalephera?"

"Ukhala pa siteshoni. Siketibodi yolemera imadula sitima."

Mzere unali wa choko. Kutsogolo kunali mgolo wa zinyalala. Kupitirira mgolo kunali khomo la ometa tsitsi. Mpopi wa madzi unali kutali, kumapeto.

Kamphepo anamanga chipewa chake cholimba. Anaima pa mzere. Anakankha kamodzi.

Kwee! Kwee! Kwee!

Magudumu analira. Siketibodi inayenda pang'ono. Inafika pa mgolo. Inaima.

Ana anaseka.

"Uyu si Kamphepo," anatero mmodzi. "Uyu ndi Kankhono!"

Wezulo sanaseke. "Sitima inyamuka dzuwa likapendeka," anatero. "Nthawi ikadalipo."

Kamphepo ananyamula siketibodi. Anathamangira kwa amalume ake. Amalume ankakonza njinga m'kashedi, pakona pa msewu. Manja awo anali bii ndi girisi.

"Amalume, siketibodi yanga ikudwala."

"Ikumva mutu kapena m'mimba?"

"Miyendo, amalume!"

"Bwera nayo kuno, tiipime."

Amalume anatenga sipanala. Anamasula nati. Anachotsa gudumu limodzi. Mkati mwa gudumu munali kachitsulo konga mphete.

"Iyi ndi beringi," anatero amalume. "Tasuzumira mkati."

Kamphepo anasuzumira. Anaona timipira tachitsulo. Tinali tating'ono kwambiri. Tinandandalika mozungulira.

"Timipira tikamagubuduka bwino, gudumu limathamanga," anatero amalume. "Tikamavutika, gudumu limatopa."

Timipira ta Kamphepo tinali ndi dzimbiri. Tinalinso ndi mchenga.

"Awa atha ntchito," anatero amalume. "Gudumu lililonse limafuna maberingi awiri. Magudumu ndi anayi. Ndiye tikufuna angati?"

Kamphepo anawerenga zala. "Asanu ndi atatu!"

Amalume anatsitsa chitini pa shelefu. Munali maberingi ochokera ku masiketibodi othyoka. Anawakhuthulira pa tebulo. Wayawaya!

"Sankha wekha," anatero. "Wokwera ndiwe."

Kamphepo anatenga pensulo. Analowetsapo beringi imodzi. Anaizunguza ndi chala. Inazungulira mwakachetechete. Posakhalitsa inaima.

"Iyi ndi yaulesi," anatero.

Anatenga ina. Anaizunguza. Shiiiii! Inazungulira, inazungulira, osaima.

"Iyi ndiye yaliwiro!"

Anafunafuna zina zotero. Shiiiii! Shiiiii! Anapeza zisanu ndi zitatu.

Amalume anakanda m'mutu. "Mwanawe, amenewo ndi ouma. Mulibe mafuta. Tagwedeza uone."

Kamphepo anagwedeza imodzi. Inachita gwedegwede.

"Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika," anatero amalume.

"Koma akuzungulira kwambiri, amalume. Ndikufuna omwewa."

"Chabwino. Wokwera ndiwe."

Amalume anawalowetsa m'magudumu. Anamanga manati. Kamphepo anathamangira kuseri kwa mashopu.

Anaima pa mzere. Anakankha kamodzi.

Gwede! Gwede! Gwede!

Siketibodi inanjenjemera. Mano a Kamphepo anagundana. Anapitirira mgolo. Anafika pa khomo la ometa. Anaima.

Ometa anasuzumira, sizasi ili m'manja.

"Takulandirani, mayi," anatero. "Mwabwera kudzameta?"

"Ayi, ndikupita ku mpopi."

"Ooh! Ndimayesa kasitomala."

Ana anasekanso. Kamphepo anayang'ana kumwamba. Dzuwa linali litakwera.

Anabwerera kwa amalume.

"Pa pensulo amathamanga," anatero. "Pansi akukana. Chifukwa chiyani?"

"Pa pensulo sananyamule kanthu," anatero amalume. "Pansi anyamula iweyo. Wouma sanyamula katundu. Wogwedera sanyamula katundu."

Kamphepo anakhala pa mpando. Anasankhanso. Ulendo uno sanafulumire. Anatenga beringi imodzi. Anaizunguza pang'onopang'ono. Anaiika pa khutu. Inali phee. Anaigwedeza. Sinagwedere.

"Iyi," anatero.

Anatenga ina. Anamvetsera. Anagwedeza.

"Iyinso."

Anapeza zisanu ndi zitatu. Zonse zinali phee. Zonse zinali zolimba.

"Tsopano wasankha," anatero amalume. "Kwatsala kuwadyetsa."

Amalume anatsegula chitini cha girisi. Anatapa ndi chala. Anapaka. Anatapanso. Anapakanso. Timipira tonse tinabisika.

"Sanachuluke, amalume?"

"Njinga zanga zonse zimadya chonchi. Palibe inadandaulapo."

Kamphepo anathamangira kuseri kwa mashopu. Anaima pa mzere. Anakankha kamodzi.

Magudumu sanalire. Siketibodi sinanjenjemere. Koma inkalemera. Inkayenda ngati ili m'matope. Inapitirira mgolo. Inafika pa khomo la ometa. Inaima.

Ometa anasuzumiranso.

"Mwabweranso, mayi? Ndiye khalani pa mpando. Timete kumbali kokha?"

Kamphepo anatsika. Ananyamula siketibodi. Anapita kunyumba.

Bambo ake anali telala. Ankasokera pa khonde. Tsiku limenelo ankasoka yunifolomu ya sukulu. Kamphepo anakhala pansi, pafupi ndi makina. Anagwira tsaya.

Bambo anamuyang'ana. Anangomusendezera kapu ya madzi.

Makina ankayenda. Tiki tiki tiki. Kenako anayamba kulira. Kwii! Kwii!

Bambo anasiya kupalasa. Anatenga kabotolo ka oyilo. Kanali kakale, kokhala ndi kamlomo kakatali. M'khosi mwake munali kaulusi kofiira. Anamangapo ndi amayi a Kamphepo, adakali moyo. Kabotoloko sikankachoka pa tebulo.

Bambo anadontheza dontho limodzi. Tho!

Anapalasanso. Tiki tiki tiki tiki. Makina anapepuka.

Kamphepo anadzutsa mutu.

"Ababa, dontho limodzi lokha?"

"Limodzi lokha."

"Bwanji simupaka girisi?"

"Girisi ndi wolemera," anatero bambo. "Muno muli tizitsulo tating'ono. Timamira m'girisi. Timafuna mafuta opepuka."

Kamphepo anaganiza. Tizitsulo tating'ono. Timipira tating'ono. Anaimirira msanga.

"Ababa! Timipira tanga tamira!"

"Timipira tati?"

Kamphepo anafotokoza zonse. Anafotokoza za sitima. Anafotokoza za mpopi. Anafotokoza za chala cha amalume.

"Ababa, mundibwerekeko kabotoloko."

Bambo anayang'ana kabotolo. Anakhudza kaulusi kofiira. Kenako anatola tizidutswa ta nsalu pansi.

"Tiye," anatero. "Unyamule ndiwe. Ugwire ndi manja awiri."

Anafika ku shedi.

"Alamu," anatero bambo, "ndamva kuti mwakhutitsa siketibodi ya mwana."

"Alamu, inu mumadziwa singano basi," anatero amalume. "Za magudumu tisiyireni eni ake."

"Makina anga alinso ndi gudumu."

"Gudumu losapita kulikonse!"

Onse awiri anaseka. Kenako amalume anayang'ana Kamphepo.

"Tamvera, mwanawe. Girisi amakhalitsa. Saopa fumbi. Koma amachedwetsa. Oyilo amathamangitsa. Koma amatha msanga. Uzidzathira pafupipafupi. Usankha chiyani?"

"Oyilo, amalume. Ndizidzathira ndekha."

"Chabwino. Wokwera ndiwe."

Amalume anachotsa maberingi. Anawatsuka m'parafini. Girisi yense anachoka. Kamphepo anawapukuta ndi tizidutswa ta nsalu. Anawayanika pa dzuwa. Timipira tinanyezimira.

Kamphepo anagwira kabotolo ndi manja awiri.

Tho! "Limodzi."

Tho! "Awiri."

Tho! "Atatu."

Tho! "Anayi."

"Onjezera pang'ono," ananong'ona amalume.

"Alamu, chotsani chala," anatero bambo.

Tho! Tho! Tho! Tho!

"Asanu ndi atatu!" anatero Kamphepo.

Amalume anamupatsa sipanala. "Manga wekha. Ikalimba, ubweze pang'ono. Gudumu lisabanike."

Kamphepo anamanga nati. Anaibweza pang'ono. Anachita chimodzimodzi pa magudumu onse anayi.

Dzuwa linali litapendeka.

Piii! Wezulo inalira kuseri kwa mashopu.

Kamphepo anapatsa bambo kabotolo. Anathamanga. Bambo anamutsatira pang'onopang'ono. Amalume anabwera akupukuta manja.

Sitima inali itakonzeka. Ana anali atagwirana malaya.

"Dikirani!" anakuwa Kamphepo. "Ndiyesenso kamodzi."

"Kankhono wabwera," anatero mnyamata wina.

"Khala chete," anatero Wezulo. "Lamulo ndi lamulo. Ima pa mzere. Kankha kamodzi. Fika pa mpopi."

Kamphepo anamanga chipewa. Anaima pa mzere. Anakankha kamodzi.

Magudumu sanalire. Siketibodi sinanjenjemere. Sinalemere.

Vuuuu!

Anapitirira mgolo.

Anafika pa khomo la ometa. Ometa anasuzumira.

"Takulandi... Aa! Kasitomala wanga wathawa!"

Anapitirira khomo.

Mpopi unayandikira. Siketibodi inayamba kuchepetsa liwiro. Magudumu ankazungulirabe. Pang'ono. Pang'ono. Pang'ononso.

Kamphepo anatambasula dzanja. Anagwira mpopi. Koma siketibodi sinaime. Inapitirira ndithu, mpaka iye anaponda pansi.

Piiiiii!

"Walowa!" anakuwa Wezulo.

Ana anawomba m'manja. Ometa anawomba sizasi m'mwamba. Amalume anavina, nsanza ya girisi ili pa phewa.

"Maberingi anga amenewo!" anatero amalume.

"Oyilo wanga," anatero bambo.

"Wosankha ndine!" anakuwa Kamphepo ali ku mpopi.

Mnyamata uja anasendera. "Kamphepo, gwira malaya anga," anatero.

Kamphepo anagwira. Wina anagwira ake. Wezulo inalira. Sitima inanyamuka. Inapitirira mgolo. Inapitirira khomo la ometa. Inapitirira mpopi. Sinaduke.

Pobwerera, sitima inadutsa pafupi ndi bambo.

"Ababa, mwandiona?"

"Ndakuona," anatero bambo. "Chipewa chapendeka. Konza."

Kamphepo anakonza chipewa, akuseka. Bambo anatembenuka msanga. Koma amalume anaona kuti nawonso akumwetulira.

Bambo anabwerera pa khonde. Anaika kabotolo pamalo pake. Anawongola kaulusi kofiira. Yunifolomu inali kudikira kolala.

Kuseri kwa mashopu kunamveka wezulo. Piii! Piii!

Bambo anaika phazi pa chopalasira.

Tiki tiki tiki tiki.