Chingwe Choyezera Makomo

Bambo atapuma ntchito ya udalaivala, kampani inawauza kuti atuluke m'nyumba yake, ndipo banjalo linayamba kusaka nyumba yogula. Mayi ankayenda ndi kachingwe m'chikwama, koyezedwa ndendende ndi njinga ya olumala ya mwana wawo wamkazi, amene anabereka asanakwatiwe ndi bambowa. Akafika panyumba iliyonse ankayamba ndi makomo. Bambo ankagwira nsonga ina ya chingwecho mofatsa, mayi mumtima n'kumati: mwamuna ndiye ameneyu.

Loweruka lina bambo anatulukira ndi makiyi, mlongo wawo ali pambuyo, mano onse pamtunda.

"Tagula. Tiyeni mukaone."

Inali nyumba ya pachitunda imene anaiyezapo kale, ya masitepe ngati makwerero, imene khomo lake linachepa moti chingwe chinatsalako chikhatho chathunthu. Mtsikanayo anamusiya pageti, atafukata kachitini ka maluwa koti akaike pawindo lake. Mayi anakwera masitepewo.

"Bambo, mwaiwala kodi? Njinga siingalowe muno!"

"Sindinaiwale," anatero bambo, osayang'ana n'komwe.

Mlamu anaseka chikhakhali. "Alamu, inunso kugona! Mumayesa achimwene ankagwiriranji chingwecho? Ankafuna khomo limene sichikwana. Nyumba ya penshoni si chipatala. Mwanayo abambo ake alipo, akamunyamule."

Misozi inangoti mbwembwembwe. Mayi anagwada pasimenti, manyazi onse atatha.

"Chonde bambo, tigumule khomoli, tikulitse. Mwanayu wakula akukutchulani ababa. Malaya mwavalawo wasita ndi iyeyo, ali pampando!"

"Ndamudyetsa zaka zonsezi, sizikukwana? Ndikufuna kufera m'nyumba mopanda kulira kwa mateyala. Iwe ulowe. Iye ayi."

Anamenyetsa chitseko cha kuchipinda, koma chinabwerera chokha, poti ngakhale loko wake anali wakufa.

Mayi anadzuka, n'kupukuta m'maso. Chinawapweteka koposa si khomo ayi, koma dzanja lija limene ankaliyamika likamagwira chingwe. Anawatsatira bambo kuchipindako, n'kuwaika kachingweko m'thumba la malaya.

"Musataye. Maondo anuwo ndawamva akulira pamasitepe, ndipo kawiri konse munaima kuti mupume. Tsiku lanu likadzafika, alamuwa adzakuyezereni."

Mlamu anasiya kuseka.

Mayi anatsika okha, osacheuka. Pageti mtsikana uja anakweza kachitini kake, nkhope ikuwala.

"Amayi, ababa andisankhira chipinda chiti? Chili ndi windo?"

Mayi anagwira zogwirira za njinga, n'kuitembenuzira kumsewu.

"Gwiritsa maluwawo, mwanangu. Njirayi ndi ya mabampu."