Wofunsidwa za Kaundula wa Manda

Lolemba m'mawa Nélida Choque anapeza mizere yonse pa kompyuta ili yobiriwira kupatula umodzi wofiira, womwe uja anaukonza Lachisanu.

Ntchito yake pa khonsolo ya tauni yathu inali yotopetsa ngakhale kuifotokoza. Makaundula onse, wa misika, wa mipope ya madzi, wa mabasi opita ku mzinda wa Oruro, ankaikidwa pa intaneti, aliyense ndi chiphaso chake: dzina la kaundulayo, tsiku limene anakonzedwa komaliza, ndi munthu woti afunsidwe wina akakhala ndi funso. Usiku uliwonse pulogalamu ina inkayendera ziphasozo, nkuimba kamodzi pa nambala ya wofunsidwayo kuti ione ngati ikuyankhidwa. Kulikulu anati pofika Lachisanu zonse zikhale zobiriwira. Kupanda apo, kontrakiti ya Nélida inkathera pomwepo, chikhalirecho kunyumba anali ndi mayi ake odwala mapapo.

Mzere wofiirawo unali wa kaundula wa manda. Pamalo a wofunsidwa panali dzina la Don Eulogio Tarqui, kalaliki wa kumanda amene tinamuika mu Ogasiti. Nélida analifufutanso, nalemba "Ofesi ya Khonsolo". Pofika Lachiwiri Don Eulogio anali atabwerera pamalo pake.

"Ndi chikompyuta chakale cha kumanda chija," anatero Wálter, mnzake wa mu ofesi, mkamwa mutadzaza salteña, kabanzi kokhala ndi nyama mkati. "Chimatumiza zake usiku. Kachithimitse, usatisokose."

Nélida anakwera chitunda chonse chopita kumanda wapansi, mpweya ukumuthera. Kompyutayo anaipeza itakwiririka ndi fumbi, nthambo yake itadyedwa ndi makoswe. Anabwerera atapsa mtima, nalowa kwa mkulu wa ofesi, bambo Aruquipa.

"Bwana, pulogalamuyi ikufuna dzina la munthu wamoyo. Ndiikepo lanu?"

"Langa ayi." Bwanayo anatseka chitseko, natsitsa mawu. "Pa misika ika. Pa zimbudzi ika. Pamenepo ayi."

"Bwanji nanga?"

"Ndili ndi msonkhano."

Onse anakana. Mlonda anachita chizindikiro cha mtanda. Amayi ogulitsa api, chakumwa chotentha cha chimanga, pakhomo pa khonsolo ankanong'ona kuti Don Eulogio anafa ndi kusowa tulo, osati ndi mtima monga analembera adokotala, koma Nélida akayandikira ankayamba kukamba za chisanu. Tauni yathu ili choncho: aliyense amadziwa, palibe amakuuza, ndipo zimanyansa.

Lachitatu Nélida anafufutanso dzina lija, nagona mu ofesi kuti aone yekha amene ankamuchita chipongwe. Mphepo ya kumapiri inkaliza malata, inkalowa pansi pa chitseko nkumuluma m'miyendo ngakhale anafunda mabulangete awiri. Agalu anauwa kumsika, kenako anangoti zii onse pamodzi. Itakwana 2 koloko pulogalamu inayamba, mizere ikusanduka yobiriwira umodziumodzi, mpaka inafika pa manda.

Pansi, m'chipinda chosungiramo katundu momwe anaunjika makatoni a malemuyo, foni inalira. Kulira kwake kunali kwakale, kwa belu lachitsulo, kotsamwa ngati kochokera m'mgolo. Palibe anayankha, ndipo mzere unafiira. Pulogalamu inatsiriza ntchito yake nkuzima. Koma foni ija inaliranso. Inaleka, inaliranso. Nélida anawerenga maulendo khumi ndi anayi kufikira tambala woyamba, atakhala chowuma pampando, ndipo dzina lija analiona likubwerera lokha, chilembo chimodzichimodzi.

Kutacha, mantha anasanduka mkwiyo.

"Ndichotsedwe ntchito chifukwa cha foni ya m'katoni?" anatero. "Zaka zisanu kuyunivesite!"

"Usatero, mlongo," anatero Wálter, ndipo ulendo uno sankatafuna chilichonse.

Nélida analemba dzina lake ndi nambala ya foni yake. Usiku pulogalamu ija inamuimbira kamodzi, iye nayankha. Lachisanu mizere yonse inali yobiriwira, ndipo bambo Aruquipa anasaina kontrakiti osamuyang'ana kumaso.

Madzulo ake, akugula mankhwala a mayi ake, anakumana ndi Doña Basilia, mkazi wa malemu Eulogio, atavala zakuda. Mayiwo anamugwira manja onse awiri, misozi ili m'maso.

"Mwana wanga, Mulungu akudalitse. Wamupumitsa mwamuna wanga. Zaka makumi atatu sanagonepo usiku wathunthu, ndipo ngakhale kumene aliko sanamusiye." Anamufinya zala. "Kaundulayo uzigona naye pafupi. Ofunsawo sakonda kudikira."

Usiku umenewo Nélida anathimitsa foni, naiika pansi pa zovala m'kabati. Anagona akumvera kupuma kwa mayi ake kuseri kwa khoma. Itakwana 2 koloko foniyo inalira, ndipo mayi ake anayamba kubuula, choncho anaitulutsa msanga nkuyankha.

"Pepani mayi, takudzutsani," anatero mawu a bambo wachikulire, aulemu, ouma ngati a munthu amene sanamwe madzi kalekale. "Mwalemba kuti mafunso tizifunsa inu. Ana anga anabwera ndi maluwa Lamlungu, koma anakawaika pa manda a wina. Ine ndili mzere uti?"

Kumbuyo kwake kunkamveka ena ambiri, akutsokomola pang'onopang'ono, akudikira nthawi yawo.