Mbande za Lesya ndi Mulu Wofuka Nthunzi

Lesya ndi mtsikana wa ku Saskatchewan, dera lakutali lozizira kwambiri. Amakhala pa famu ndi amayi ake. Ali ndi mlongo wake wamng'ono, dzina lake Yurko.

Lesya ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kulima kabichi. Osati kabichi wa amayi ayi. Ankafuna wakewake.

Anafesa mbewu m'kabokosi. Kabokosiko anakaika pa zenera la kukhitchini. M'mawa ankathirira. Madzulo ankasuzumira. M'mawa ankathirira. Madzulo ankasuzumira.

Tsiku lina mbewu zinamera.

"Yurko, tabwera udzaone mbande zanga!" anatero Lesya.

Yurko anabwera. Anayang'anitsitsa.

"Kabichi wake ameneyu?" anafunsa. "Bwanji akuoneka ngati udzu?"

"Udzu ndi tsitsi lakolo," anayankha Lesya.

Mwezi wa Malichi unafika. Dzuwa linawala. Chipale chofewa chinayamba kusungunuka. Madzi ankadontha kuchokera padenga. Mbande nazo zinakula. Zinayamba kupanikizana m'kabokosi muja.

Kuseri kwa nyumba kunali bokosi lalikulu la matabwa. M'kati mwake munali dothi. Pamwamba pake panali zenera lakale la galasi. Amayi ankaokeramo mbande chaka ndi chaka.

"Amayi, ndikaokere mbande zanga m'bokosi lalikulu lija?" anafunsa Lesya.

Amayi anayang'ana kumwamba.

"Dzuwa la Malichi ndi labodza, mwanangu," anatero. "Lero liseka, mawa likwiya."

"Koma zikupanikizana, Amayi."

"Mbande ndi zako. Mlimi ndiwe."

Lesya anaokera zonse. Sanasiye ngakhale imodzi. Ife anthu a kuno ndi mmene tilili. Tikangoona kadzuwa pang'ono, basi chisanu taiwala.

Sipanapite masiku ambiri. M'mawa wina akudya buledi, wailesi inalengeza nkhani yoipa. Chisanu choopsa chinali m'njira. Chinali kubwera ndi mphepo ya kumpoto. Chinali kufika madzulo omwewo.

Mayo ine! Lesya buledi anamukanika.

"Amayi, ndikazule mbande zija," anatero. "Ndizibweze m'nyumba."

"Mizu yangogwira kumene," anayankha amayi. "Ukazizulanso, zifa."

"Nanga ndikazisiya?"

"Chisanu chizipha."

Lesya anachita mantha. Mbande zake zonse zinali panja.

Amayi anavala jombo. Anavala chipewa. Kukhola kunali ntchito. Nkhosa zina zinali pafupi kubereka.

Koma abale, mayi ameneyu ndi wolimba! Anakhoma matabwa pa ming'alu ya khola. Anayala mapesi pansi. Ananyamula mitolo ya udzu wouma, wina uku, wina uku. Sanadandaule. Ankangoimba kanyimbo kake chapansipansi.

Lesya anatenga bulangete lakale. Anafunditsa bokosi lija. Kenako anathamangira kukhola.

"Amayi, ndazifunditsa bulangete! Zipulumuka eti?"

Amayi anapukusa mutu.

"Bulangete lilibe moto, mwanangu," anatero. "Iwe umamva kufunda chifukwa thupi lako ndi lotentha. Bulangete limangosunga kutenthako. Mbande zilibe thupi lotentha."

Misozi inalengeza m'maso mwa Lesya.

"Usalire panja, misozi ingaume," anatero amayi. "Tenga fosholo. Kachotse ndowe kwa Sivko. Tiziganiza uku tikugwira ntchito."

Sivko ndi hatchi yawo. Ndi yaikulu, yotuwa, yofatsa. Imadya kwambiri. Ndowe zakenso sizichepa.

Lesya anawola ndowe. Anawola ndi mapesi omwe. Anakataya pa mulu kuseri kwa khola. Mphepo inali itayamba kale. Inkaluma masaya.

Pamwamba pa mulupo panali mphaka wawo, Murka. Anali atagona, maso ali tsinzinu.

"Iwe Murka, wapenga?" anatero Lesya. "Kukuzizira chonchi, iwe n'kugona panja?"

Murka sanasunthe.

Lesya anayang'anitsitsa. Pa mulu ponse panalibe chipale. Pa mulu pankafuka nthunzi.

Lesya anavula golovesi. Anatseka mphuno. Anapisa dzanja m'kati mwa mulu.

Ha! Munali motentha!

Anapisanso pena. Munali motentha. Anapisanso pena. Motentha ndithu!

"Amayi! Amayi!" anakuwa akuthamanga. "Ndowe za Sivko zili ndi moto!"

"Ee, zikamawola zimatentha," anatero amayi.

"Nanga ndikaziunjika pa bokosi langa? Ndikalizunguliza lonse? Ndiye bulangete lisunga kutenthako!"

Amayi anasiya mtolo wa udzu. Anamuyang'ana mwana wawo.

"Koma mwana iwe uli ndi mutu," anatero. "Ine zimenezi sizinandifike n'komwe. Zitheka. Koma mulu wake ukhale wonenepa. Ufike mpaka pa galasi. Uzipondaponda kuti ugwirane."

Nthawi yomweyo nkhosa ina inalira. Inali itayamba kubereka.

"Ine sindichoka muno," anatero amayi. "Ukwanitsa wekha?"

"Ndikwanitsa," anayankha Lesya.

Anadzaza wilibala. Anakankha. Teyala linatitimira m'chipale. Anakankhanso. Wilibala inagwa cham'mbali. Ndowe zonse mbwee!

Lesya anaima, manja m'chiuno. Kenako anaona Yurko. Yurko ankakoka kangolo kake kofiira. Kangoloko kalibe mateyala. Kamangotsetsereka pa chipale.

"Yurko, achimwene anga abwino," anatero Lesya.

"Ukufuna chiyani?" anafunsa Yurko. "Ukamati achimwene ndiye kuti pali nkhani."

"Ndibwereke kangolo kako."

"Unyamulire chiyani?"

"Ndowe."

"Ndowe? M'kangolo kanga? Toto!"

"Ndikatsuka ndekha. Ndikatsuka ndi sopo."

"Toto!"

Lesya anagwada. Anamuyang'ana m'maso.

"Yurko, mbande zanga zifa lero," anatero. "Zonse."

Yurko anayang'ana kangolo. Anayang'ana mlongo wake.

"Chabwino," anatero. "Koma wokoka ndine. Iwe sudziwa kuyendetsa."

Ntchito inayambika. Lesya ankapakira. Yurko ankakoka. Lesya ankatsitsa. Onse ankapondaponda.

Anabwerera ku mulu. Lesya ankapakira. Yurko ankakoka. Lesya ankatsitsa. Onse ankapondaponda.

"Fuu! Lesya, ukununkha!" anatero Yurko.

"Iwe ukuyesa ukununkhira maluwa?"

"Mphuno yanga ikulira."

"Walira mvula walira matope," anatero Lesya. "Koka, tiye!"

Mphepo inakula. Zala za Lesya zinachita dzanzi. Mikono inawawa. Yurko anatopa. Analowa m'nyumba kukaotha moto.

Lesya anatsala yekha. Ankapakira yekha. Ankakoka yekha. Anagwa, anadzuka. Anagwanso, anadzukanso. Koma kamtsikana kameneka, abale! Sikanasiye fosholo.

Dzuwa lisanalowe, mulu unafika pa galasi. Unazungulira bokosi lonse. Lesya anayala mapesi pamwamba. Anabwezerapo bulangete. Anatsindira ndi miyala.

Amayi anafika kuchokera kukhola. Anazungulira bokosi. Anaponda mulu ndi jombo.

"Ntchito ndi imeneyi," anatero. "Tsopano tamvera. Usatsegule. Ukatsegula, kutentha kuthawa."

"Ngakhale pang'ono?"

"Ngakhale pang'ono."

Chisanu chinafika. Chisanu chake si chamasewera. Mazenera a nyumba anayera mbee. Madzi a nkhosa anauma gwa. Dzira la nkhuku linauma mpaka kung'aluka. Munthu akapuma, m'mphuno munkamata.

M'mawa uliwonse amayi ankapita kukhola. Ankaswa ayezi ndi nkhwangwa kuti nkhosa zimwe. Lesya ankanyamula madzi ofunda a nkhuku. Kamwana ka nkhosa kena kankanjenjemera. Amayi anakabisa m'jekete mwawo. Anakagoneka pafupi ndi mbaula. Kanamwa mkaka wa m'botolo. Kanachira.

Lesya anasangalala. Koma mtima wake unali kuseri kwa nyumba.

M'mawa uliwonse ankapita pa bokosi. Ankaima. Ankagwira bulangete. Dzanja linkafuna kutsegula.

"Lesya!" amayi ankaitana ali pakhomo.

"Sindikutsegula, Amayi! Ndikungoona!"

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, mwanangu."

Lesya ankasiya bulangete. Ankavula golovesi. Ankapisa dzanja mu ndowe. Munali motentha. Mtima unkakhala pansi.

Koma m'mawa wina munali mofunda pang'ono chabe. Mbali ya kumpoto munali mozizira.

Lesya sanalire. Sanaitane munthu. Anatenga fosholo. Anapita kwa Sivko.

"Sivko, idya kwambiri," anatero. "Ndikudalira iwe."

Anapakira ndowe zina za pa mulu. Anakoka. Anaunjika mbali ya kumpoto. Anapondaponda. Amayi ankamuona pa zenera. Ankangogwedeza mutu.

Chisanu chinakhala masiku angapo. Kwa Lesya anali ngati chaka.

Kenako mphepo inaleka. Kunja kunali zii. Dzuwa linatuluka. Masana madzi anayambanso kudontha padenga.

"Lesya," anatero amayi. "Nthawi yakwana."

Onse atatu anapita kuseri kwa nyumba. Lesya anachotsa miyala. Anachotsa bulangete. Anachotsa mapesi. Galasi linali lonyowa ndi nthunzi. M'kati simunkaoneka.

Lesya anatembenukira kwa amayi.

"Amayi, tsegulani inu," anatero. "Ine ndikuopa."

"Ayi, mwanangu. Munda ndi wako."

Lesya anagwira zenera. Anatsinzina. Anatukula.

"Zili moyo!" anakuwa Yurko. "Lesya, tsegula maso! Zili moyo!"

Lesya anatsegula maso.

Biriwiri!

Mbande zinali chilili. Zinali zotuwa pang'ono chifukwa cha mdima. Koma zinali moyo. Mzere umodzi wokha unali utafota. Unali wa m'mphepete, mbali ya kumpoto.

Lesya anagwira kambande kofota. Anamva chisoni.

"Izi zafa, Amayi."

"Zafa, inde," anatero amayi. "Tsopano yang'ana zotsalazo."

Lesya anayang'ana. Zinali zambiri. Zinali zambiri zedi. Anaseka. Analira. Anasekanso.

"Amayi, Lesya akuseka kapena akulira?" anafunsa Yurko.

"Zonse," anayankha amayi. "Alimi amatero."

Amayi anapisa dzanja m'thumba la jekete. Anatulutsa kapepala ka mbewu za anyezi. Anagwada pafupi ndi Lesya.

"Mayi mlimi, ndabwera ndi pempho," anatero.

"Ine?" anadabwa Lesya.

"Inu amene. Anyezi wanga alibe pofesa. Munda wofunda pa famu pano ndi wanu wokha. Mungandibwerekeko kamzere ka mbande zofota aka?"

Lesya anaimirira. Anaika manja kumbuyo. Anakhwinyata nkhope ngati munthu wamkulu.

"Ndakubwerekani," anatero. "Koma potseka zenera muziyamba mwandifunsa."

"Ndamva, mayi mlimi," anatero amayi.

Lesya analemba kamzere ndi chala. Amayi anagwetsamo mbewu. Yurko anakwirira. Dothi linali lofunda m'manja mwawo.

Atamaliza, amayi anagwira zenera. Anamuyang'ana Lesya.

"Nditseke?"

"Dikirani pang'ono," anatero Lesya. "Mbande zanga ziothe kaye dzuwa."