Dzina pa Kajumbo ka Mankhwala

Dzuwa litapendeka, Anamankhwala ankapukuta mashelefu monga mwa masiku onse. Ankatsitsa botolo lililonse, kuyang'ana tsiku lothera mphamvu, kulipukuta, n'kulibwezera. Dzinali anawapatsa ndi anthu a m'mudzimo, poti sitolo yogulitsa mankhwala inali yawo yokhayo. Chiikireni amuna awo m'manda, sankaliranso, sankasekanso, ankangogwira ntchito. Kunyumba ankakhala ndi apongozi awo aakazi, omwe ankawafunditsira madzi osamba n'kumawatchula kuti mwananga.

Madzulo amenewo firiji inangoti zii. M'sitolo munalowa fungo la phulusa lonyowa, ndipo atacheuka anapeza mayi wofunda nsalu mpaka kumaso ataima pa kauntala. Chitseko sichinalire konse.

Mayiyo anapempha mankhwala a chifuwa, akuti a telala wa pamsika. Anamankhwala anali ndi lamulo lawo: mankhwala satuluka usanafunse zaka za wodwala ndi ena amene akumwa, komanso usanalembe dzina ndi kamwedwe pa kajumbo. Mayiyo anayankha zonse molondola, mawu ake akumveka ngati ochokera mumtsuko. Iwo analemba, n'kumupatsa. Atangotuluka, firiji inayambanso kulira.

Kutacha, telala uja anali pa makina ake, akuseka ndi makasitomala. Mkuja wake anakamuika. Pansi pa pilo pake anapezapo kajumbo kopanda kanthu, dzina lake litalembedwa ndi dzanja la Anamankhwala. Mkazi wake analumbira kuti pakhomopo panalibe amene anatumidwa kukagula mankhwala, ndipo bamboyo sanatsokomolepo n'kamodzi komwe.

Kenako anapita mphunzitsi wa sukulu ya mkaka. Kenako mtsikana wogulitsa tomato. Aliyense ndi kajumbo kake. Anamankhwala ankatsimikiza mumtima kuti mayi uja akabweranso amukaniza, koma fungo lija likangolowa mutu unkawalemera, dzanja n'kumalemba lokha. Akachoka, nkhope yake sankaikumbukira, ngakhale msinkhu wake.

Anaitana okha akuluakulu oyendera masitolo a mankhwala. Anabwera awiri. Anayeza kuzizira kwa firiji, anatsegula kabati ya mankhwala oopsa, anafunyulula katoni ya mankhwala otha mphamvu, n'kutenga mapilitsi ena kukawayeza. Yankho linabwera loti zonse zili m'malo mwake, ndipo sitolo yosamalidwa chonchi n'njosowa.

Yankho limeneli ndi limene linawamaliza. Kuchitsime anthu anayamba kunena kuti ngati mankhwala ndi abwino, ndiye kuti choipa ndi dzanja lolembalo. Ena anakumbutsana kuti amuna awo nawonso anangogwa osadwala. Amayi ankakokera ana awo kutsidya la msewu, ndipo odwala shuga ankalolera kukwera njinga mpaka kutauni. Anamankhwala ankamva zonsezi ngati zikunenedwa za munthu wina. Anafuna kutseka sitolo, koma apongozi anawaletsa, amvekere pakamwa pa anthu sungapasoke, ndipo wotseka chitseko ndiye amaoneka wolakwa.

Mayi uja anabweranso tsiku lina la mitambo. Ulendo uno anapempha mankhwala owonjezera magazi, natchula mng'ono wawo wa Anamankhwala, amene anali ndi pathupi pa masiku.

"Sadwala ameneyo," iwo anatero.

"Lembani."

Dzanja linali litagwira kale cholembera. Anadziluma lilime mpaka kumva magazi m'kamwa, ndipo m'mutu munayera pang'ono, mokwanira mawu awiri okha. Pamalo a dzina analemba kuti *wogula yemweyu*. Mayiyo analandira kajumboko osakayang'ana, n'kutuluka.

Anamaliza kupukuta shelefu yomwe anaisiyira pakati, anakhoma kabati, n'kuyamba ulendo wa kunyumba kunja kukadaoneka. Madzi sanali pamoto, ndipo pakhomo pankamveka fungo lija la phulusa lonyowa. Apongozi anali pakhonde, miyendo atatambasula, kajumbo kaja kali m'manja, akukatembenuza uku ndi uku. Mayiwa sukulu sanapiteko, ndipo zilembo ankangoziona ngati mapazi a nkhuku.

"Mwananga, mwalembapo chiyani apa?" anafunsa ndi mawu awo a masiku onse. "Silikufanana ndi dzina la mng'ono wanu."

"Ndalemba dzina la wodwala, amayi."

Apongoziwo anawayang'ana nthawi yaitali. Kenako anapinda kajumboko, n'kukalowetsa m'bulauzi.

Anamankhwala anaima pomwepo kudikira mantha, kapena ukali, kapena misozi ya amuna awo. Sikunabwere kanthu. Analowa m'khitchini, anakoleza moto, nafunditsa madzi a anthu awiri.

Mkuja wake apongozi anaikidwa. Pamaliropo anthu anaona maso a Anamankhwala ali gwa, n'kumatsinana kuti waona, tsopano wadya ndi apongozi omwe. Iwo sanauze aliyense. Akanayambira pati?

Mng'ono wawo anachira bwinobwino, mwana wamkazi. Khandalo litayamba kutentha thupi, bambo ake anadutsa pa khomo la sitolo osacheuka, n'kukagula mankhwala kutauni.